Achemwali, musanatumize madola amenewo tandimvani kaye

Imelo yanu ndinaiwerenga Lachiwiri usiku ndipo tulo tinavuta kubwera. Mwati mwapeza sukulu ya pa intaneti yophunzitsa kupanga mawebusayiti, miyezi 6, madola 900 olipira pang'onopang'ono, ndipo mukufuna kukongola ku banki mkhonde kuti muyambe. Mukufunsa ngati ndalamayo idzabwerere.

Achemwali, njira imeneyi ine ndinaiyenda ndi mapazi angawa. Mu Disembala 2021 ndinkagwira ntchito pa kashopu ka fotokope ku Limbe, tsiku lonse kutayipira anthu ma CV ndi makalata ofunsira ntchito, nde tsiku lina pa Facebook panabwera kavidiyo ka mnyamata atakhala pa laputopu akunena kuti miyezi ingapo yapitayo samadziwa chilichonse koma pano akulandira madola ali kunyumba. Ndinaonera katatu. Sabata isanathe ndinali nditatulutsa tindalama tonse tomwe ndinasunga zaka ziwiri kuti ndilembetse ku sukulu ngati yanuyo, zotsalazo anandibwereka alamu anga, ndipo mpaka lero ndimakumbukira mmene anandiyang'anira popereka, sananene zambiri, anangoti "bola zikayende."

Chomwe sindinafunse ndi nthawi ya kalasi. Aphunzitsi amayamba 7 koloko madzulo nthawi ya ku New York, kuno imakhala ili 2 koloko usiku. Ndinati palibe kanthu, ndidzapirira. Kenako mu Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana uja, anaononga damu la Kapichira pa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, magetsi kumangothima maola ambirimbiri. Laputopu yanga inali yakaunjika, batire yake mphindi 40 basi yatha. Ndimakhala pa mkeka m'kachipinda ka lendi ku Chilomoni, foni nditaitsamiritsa pa zenera chifukwa mpomwe netiweki imagwirako, kandulo pambali, aphunzitsi akufotokoza za JavaScript, chilankhulo cha kompyuta cholembera mawebusayiti, mawu akudukaduka, ndikamati ndiyambe kumva sikirini yazima. Mmawa 7 koloko ndili pa minibasi kupita kuntchito maso ali psuu. Bandulo yomwe ndimati ikwana mwezi imatha masiku 10 chifukwa kalasi ya vidiyo imadya data moopsa, ndipo mtengo umenewu palibe anandiuzapo polembetsa.

Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 25 peresenti. Ngongole yanga ku sukuluyo inali ya madola, malipiro anga a makwacha. Gawo lomwe ndimalipira pa mwezi linakwera tsiku limodzi ine osalakwa kanthu. Ndinasiya mwezi wachisanu, setifiketi sindinaione, alamu ndinamaliza kuwabwezera patatha chaka. Ndipo inu mukudziwa kuti mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, nde munthu wolandira makwacha kusaina ngongole ya madola ya miyezi ingapo, ine ndikuti ayi, ngakhale sukuluyo ikhale yabwino bwanji.

Koma chomwe chinandipweteka kwambiri si ndalama ayi. Nditasiya, mnzanga wina anandionetsa freeCodeCamp, sukulu ya pa intaneti yomwe Quincy Larson anayambitsa mu 2014, yaulere kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndinatsegula ndikupeza zilankhulo zomwezo zopangira webusayiti, HTML yomweyo, CSS yomweyo, JavaScript yomweyo, mwinanso yofotokozedwa bwino kuposa yomwe ndinalipira, ndipo zambiri ndi zowerenga ndi kulemba, sizidya bandulo. Kuli The Odin Project, yaulerenso, imakuuza kuti ika zida pa kompyuta yako ndipo upange zinthu wekha ngati mmene amachitira pa ntchito. Kuli CS50, kosi yoyambira ya zamakompyuta ya ku yunivesite ya Harvard, yomwe amaphunzitsa a David Malan, aliyense atha kuitsata osalipira. Ndinakumbuka tsiku lina ndili ku sukulu yolipira ija code yanga, malangizo omwe ndinalembera kompyuta, itakana, ndinalembera wotithandiza, anayankha patatha masiku 4 ndi link ya MDN basi, tsamba la malangizo a opanga mawebusayiti la bungwe la Mozilla lomwe ndi laulere kwa munthu aliyense padziko. Ndinalira ndithu, sindikubisani.

Nde ndinene mosapsatira. Nzeru zopangira webusayiti sizigulitsidwa, zili mbwee. Sukuluzi zimagulitsa zinthu zitatu: munthu woti aziwerenga code yako, ndondomeko yokukakamiza kuti usagone, ndi lonjezo la ntchito. Lachitatuli ndi lomwe limatikoka ambirife ndipo ndi lomwe muyenera kulikayikira kwambiri. Ku America komweko, mu 2024, bungwe la boma loteteza ogula pa nkhani za ndalama, CFPB, linalanga BloomTech, yomwe kale inkatchedwa Lambda School, mwa zina chifukwa chokokomeza chiwerengero cha ophunzira ake opeza ntchito. Ngati zinachitika komwe kuli malamulo okhwima ndi makampani ambirimbiri olemba anthu, nanga inu muli kuno mukadandaula kwa ndani?

Komanso ife Amalawi pepala timalikonda mopitirira, ndimaona ndekha pa shopu paja anthu akubwera ndi envelopu yodzadza masetifiketi kuti ndiwapangire fotokope, ena a maphunziro a masiku atatu. Pa ntchito iyi sizili choncho. Kasitomala wanga woyamba anali mayi wa loji ina kunyanja, sanafunse komwe ndinaphunzira, anangoti "tandionetsani chomwe munapangapo," ndinawapatsa foni naona okha katsamba komwe ndinapangira kwaya ya kutchalitchi kwathu. Ndipo iwo samafuna React, pulogalamu ya JavaScript yomwe ndinavutika nayo usiku uja, amafuna WordPress, pulogalamu yopangira mawebusayiti mosavuta, zithunzi za zipinda zotseguka msanga pa netiweki yofooka, ndi batani loti mlendo akadina alowe pa WhatsApp. Makasitomala ambiri omwe ndakumana nawo kuno ndi otero, masukulu apulaiveti, mabungwe ang'onoang'ono, mashopu.

Ndisaname, chinthu chimodzi chabwino ndinachipeza ku sukulu ija. Panali mphunzitsi mmodzi amene tsiku lina anakhala nane ola lathunthu kuwerenga code yanga mzere ndi mzere, nkumandifunsa kuti apa unaganiza chani, bwanji izi wazilemba kawiri. Ola limenelo linandiphunzitsa kuposa mavidiyo onse. Chikhala kuti zinali choncho sabata iliyonse bwenzi pano ndikukuuzani zina.

Nde mupange bwanji?

Musakongole. Tengani miyezi iwiri pa freeCodeCamp kapena Odin, ola limodzi tsiku lililonse, mupange tsamba limodzi lenileni la bizinesi ya munthu yemwe mukumudziwa ndipo muliike pa GitHub Pages, malo oikapo mawebusayiti pa intaneti, nkwaulere. Mukafika pamenepo mtima ukadali momwemo, alembereni asukuluwo muwafunse kuti kalasi imakhala nthawi yanji ya kuno, ndani aziwerenga code yanu ndipo kangati pa sabata, mukasiya pakati amabweza zingati, komanso akulumikizeni ndi munthu wa ku Africa kuno amene anamaliza nkupeza ntchito, mulankhule naye nokha. Akayamba kuzungulira kapena kukuthamangitsani kuti mtengo wotsika ukutha mawa, asiyeni. Ndalama yochepa yomwe muli nayo iyambe yapita ku batire ya laputopu ndi bandulo, ndipo ngati muli ku Lilongwe kafunseni ku mHub, malo okumanirako anthu a zamakompyuta, za anzanu ophunzira zomwezi.

Tsamba loyambalo mukalimaliza nditumizireni link pa imelo yomweyi, ndidzakhala nalo pansi Loweruka ndiliwerenge mzere ndi mzere.