Funsani Dokotala: Kodi mafunso a pa foni angandiuze kuti ndine munthu wotani?

Adokotala, ndine mtsikana wa zaka 22, ndikuphunzira pa koleji ina kuno ku Mzuzu. Mnzanga ananditumizira mafunso pa WhatsApp oti amapima khalidwe la munthu. Nditayankha, zotsatira zinati ndili ndi vuto la khalidwe losachiritsika ndipo sindidzakhalitsa pabanja. Chiwerengereni zimenezi tulo sindikuona. Kodi n'zoona?
Wodandaula, Luwinga

Chemwali, mtima ukhale m'malo. Mafunso khumi kapena makumi awiri a pa foni sangapeze matenda mwa munthu, ndipo amene analemba mawu akuti "losachiritsika" wakulakwirani kwambiri.

Kupima khalidwe kwenikweni kulipo, koma ndi ntchito yaikulu. Mafunso odziwika kwambiri m'zipatala amatchedwa MMPI. Anawakonza Starke Hathaway ndi J. C. McKinley pa yunivesite ya Minnesota ku America, ndipo anatuluka mu 1943. Atawakonzanso mu 1989 anali ndi ziganizo 567 zoti munthu ayankhe "zoona" kapena "zabodza". A mu 2020 ali ndi 335. Tamvani mmene anawapangira, chifukwa yankho lanu lagona pamenepa. Anafunsa odwala, anafunsanso anthu abwinobwino, ambiri mwa iwo azungu a m'dera la Minnesota lomwelo amene ankabwera kudzazonda abale awo kuchipatala. Kenako anasunga mafunso amene magulu awiriwa ankayankha mosiyana. Choncho zotsatira sizinena kuti "ndinu wakutiwakuti". Zimangonena kuti mayankho anu akufanana kapena akusiyana bwanji ndi a gulu lina la anthu. Nanga gululo ndi la ndani?

Funso limeneli limandikhudza kwambiri ndikamaona odwala a kuno kwathu. M'mafunso akale a MMPI munali lina lokhudza kugwidwa ndi mizimu yoipa. Mayi wa ku Mzimba kapena ku Rumphi amene anavinapo vimbuza akhoza kuvomera ndi mtima wonse, mutu wake uli bwinobwino. Mtsikana woleredwa bwino amene sayankha akuluakulu mwamwano, amene amagwada polankhula ndi apongozi, pepala lochokera kutali likhoza kumuwerenga ngati wamantha ndi wodzikayikira. Ofufuza a ku South Africa anaona vuto lomweli. Anapita kwa anthu a zilankhulo 11 za dziko lawo n'kuwapempha kuti afotokoze makhalidwe a anthu amene amawadziwa. Anapeza kuti anthu amakamba kwambiri za mmene munthu amakhalira ndi anzake: kuthandiza, kuyanjanitsa okangana, kusunga mtendere pamudzi. Mafunso a azungu mbali imeneyi sankaigwira mokwanira, pomwe kwathu kuno ndi pomwe timayambira tikamati uje ali ndi umunthu.

Sindikunena kuti mafunso onse ndi achabe. Amene anamasuliridwa bwino n'kuyesedwa pa anthu athu amathandiza. Mafunso 20 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, otchedwa SRQ anamasuliridwa m'Chichewa ndipo anayesedwa pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo. Koma iwowa amafufuza nkhawa ndi kukhumudwa, ndipo ngakhale iwo ntchito yawo ndi kungolozera amene akufunika kucheza ndi dokotala.

Ife kuchipatala tisananene kuti munthu ali ndi vuto la khalidwe timacheza naye kangapo. Timamva mbiri yake kuyambira ali mwana, ndipo akalola timamvanso kwa m'bale amene amamudziwa. Timaona ngati chikumusautsa si kukhumudwa, mowa, chamba, kapena chipsinjo cha maliro ndi mavuto a fizi. Buku la WHO la mayina a matenda, ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, limati vutolo likhale lokhalitsa, monga zaka ziwiri kapena kuposerapo, lizioneka kunyumba, kusukulu ndi kwa anzake, komanso likhale likumuonongera moyo. Limagawanso vutoli kuti lochepa, lapakatikati kapena lalikulu. Ndipo ngakhale kwa amene alidi nalo, kafukufuku wotsatira odwala kwa zaka zambiri waonetsa kuti ambiri amapeza bwino, makamaka akalandira uphungu. Amakwatiwa, amalera ana, amagwira ntchito.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi kusowa tulo. Kukapitirira milungu iwiri, kapena mukaona kuti chakudya sichikulowa ndiponso maphunziro akukukanikani, pitani ku chipatala cha St John of God kapena cha Mzuzu Central mukacheze ndi a zaumoyo wa maganizo. Maganizo ofuna kudzivulaza akakufikirani, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupite tsiku lomwelo.

Adokotala, ndaitanidwa ku intavyu ndipo akuti kukakhala mafunso opima khalidwe. Anzanga akuti ndikayankhe ngati mngelo. Ndichite bwanji?
Bambo wa ku Katoto

Achimwene, anzanuwo musawamvere. Mafunso okonzedwa bwino amakhala ndi misampha. Amafunsa ngati munakwiyapo kapena kunenapo bodza, ndipo woyankha kuti "sindinachitepo" pa zonse amaonekera poyera kuti akudzikometsera. Funso limodzi limabweranso kawiri m'mawu osiyana. Olemba ntchito ambiri amayang'ana mbali zisanu: khama ndi dongosolo pa ntchito, kumasuka pagulu, kugwirizana ndi ena, kukonda zinthu zatsopano, ndi kukhazikika mtima zinthu zikavuta. Yankhani monga mmene mumakhalira masiku ambiri kuntchito.

Akakupatsani aja ogawa anthu m'magulu 16 a zilembo zinayi, a Myers-Briggs, dziwani kuti munthu mmodzi yemweyo amatha kugwera gulu lina akayankhanso patapita milungu yochepa. Eni ake omwe amanena kuti asagwiritsidwe ntchito posankha wolembedwa ntchito.

Adokotala, amuna anga ali ndi zaka 58. Anali munthu wofatsa, mkulu wa mpingo. Miyezi itatu yapitayi asintha: amatukwana, amamwaza ndalama, nthawi zina amaiwala njira yochokera ku msika. Abale akuti alodzedwa. Kodi alipo mafunso oti awapime khalidwe?
Mayi wa ku Zolozolo

Mayi, pepani ndi zimene mukudutsamo. Koma apa musataye nthawi ndi mafunso a khalidwe. Khalidwe la munthu limaumbika kuyambira paubwana ndipo likamasintha limasintha pang'onopang'ono. Bambo amene wakhala wofatsa zaka 58 n'kusandulika m'miyezi itatu, ife timayamba taganiza kuti china chake chakhudza ubongo.

Zoyambitsa zilipo zingapo ndipo zina zimachizika zikapezeka msanga. Kuthamanga kwa magazi kumatha kubweretsa sitiroko yaing'ono imene siipha ziwalo koma imasokoneza maganizo. Shuga, HIV ndi chindoko chokhalitsa zimatha kufika ku ubongo. Ngati anagwapo kapena kugundidwa m'mutu, ngakhale miyezi iwiri yapitayo pa kabaza, magazi amatha kuundana pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza. Palinso mowa, chotupa, ndi matenda oiwalaiwala, amene mtundu wake wina umayamba ndi kusintha khalidwe kuiwala kusanaonekere.

Ndikudziwa kuti mawu a abale ndi olemera, ndipo mkazi kuwatsutsa si chapafupi. Simukufunika kukangana nawo. Pemphani mchimwene wawo kapena abusa kuti akuperekezeni ku Mzuzu Central sabata ino. Mutenge buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, a zitsamba omwe. Mukafotokoze tsiku limene munayamba kuona kusinthaku ndi zimene zinatsatira, chifukwa bambowo mwina sakuziona okha. Pakadali pano ndalama ndi makadi a kubanki musunge ndinu, ndipo asamayende okha. Akayamba kusanza, kukomoka, kulankhula mosamveka, kugona kwambiri kapena kufooka mbali imodzi, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.