Funsani Azakhali: Mwana wanga akulira ku Eswatini, ndimubweze?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pamsika wa Lizulu. Mwana wanga wachisamba, wamkazi, anakhoza MSCE ndi mapointi 11, ndipo mu Januwale anapita kusukulu yogonera komweko ya ana ochokera m'mayiko osiyanasiyana ku Eswatini, atapeza thandizo lomulipirira zonse. Koma pano usiku uliwonse amandiimbira pa WhatsApp akulira. Akuti anzake amalankhula Chingerezi chothamanga, iye akayankha amamuuza kuti abwereze, ndiye analeka kukweza mkono m'kalasi. Mayeso oyamba a masamu anapeza 3. Bambo ake akuti angobwerako. Nditani?

Mayi wa ku Lizulu, Ntcheu

Mayi,

Musamubweze, makamaka teremu yoyamba inoyi.

Tiyambe ndi 3 ameneyo. Ngati akuchita IB (International Baccalaureate, maphunziro omalizira sekondale amene amadziwika m'mayiko ambiri), monga zimakhalira m'sukulu zoterezi, magiredi ake ndi otembenuza: pa MSCE 1 ndiye wapamwamba, pa IB wapamwamba ndi 7. Choncho 3 ndi wotsika ndithu, sindikunamizani. Koma maphunzirowa ndi a zaka ziwiri, ndipo mwanayu wachokera koti aphunzitsi amalemba manotsi pabolodi, ana n'kukopera, n'kuloweza. Kumeneko amufunsa kuti "iwe ukuganiza bwanji?", kenako adzalemba yekha kafukufuku wa mawu mpaka 4,000 pamutu wodzisankhira. Amene anazolowera kukhala nambala wani zimamuwawa kuposa anzake.

Chandidetsa nkhawa ine ndi foni ya usiku uliwonseyo. Nthawi imene akulira nanu ndi imene anzake akhala pamodzi kuhostelo, akumwa tiyi, akudziwana. Ine nditachoka ku Dedza kupita kusekondale ya kumpoto, ndinalira sabata zitatu nditafunda bulangete kumutu. Kalata yopita kwa amayi inkatenga masabata awiri, ndiye ndinatopa n'kudikira, n'kuyamba kugawana chigumu ndi mtsikana wa bedi loyandikana nalo, amene Chitumbuka chake sindinkamvako ndi liwu limodzi. Wanuyu foni ikumutsekera mwayi umenewo. Pangananani tsiku limodzi, tinene Lamulungu mukaweruka kutchalitchi. Nthawi yathu ndi ya ku Eswatini ndi imodzimodzi. Mukamacheza musayambe ndi "uli bwanji, ukulirabe?" Mufunseni dzina la mnzake wa m'chipinda, kwawo ndi kuti, amadya chiyani.

Za Chingerezizo, womuuza kuti abwereze mwina naye wachokera ku Brazil kapena Nepal, makutu ake sanazolowere. Abwereze basi, mokweza.

Komanso mumukumbutse kuti sanapite kwachilendo kwenikweni. Angoni a kwa Gomani anachokera chakomweko, ndipo dzina la Maseko akalipeza ku Eswatini. Aphunzire "sawubona" (moni) ndi "ngiyabonga" (zikomo), akawauze amayi ophika kukhitchini kuti ndi Mngoni wa ku Ntcheu, muone ngati sadzamuwonjezera ndiwo. Akapezeka wopita kumeneko, mutumizireni tsabola wa Nali, tiyi wa Chombe ndi juzi yokhuthala, chifukwa Juni ndi Julaye wa kumapiri a Mbabane amaluma ngati wa pa Lizulu pomwepo.

Koma mukamva kuti waleka kudya, sakugona, kapena akungodzitsekera m'chipinda osapita m'kalasi, musadikire Lamulungu. Lembelani mphunzitsi woyang'anira hostelo yake tsiku lomwelo, sukulu zoterezi zimakhala ndi alangizi. Bambo akewo muwawerengere yankho lino, ndipo foni ya Lamulungu likubwerali ayambe ndi iwowo.

Azakhali