Anapiye a nkhuku ndi a nkhukundembo m'khola limodzi?

Mayi, mwafunsa ngati mungalerere pamodzi anapiye a nkhuku ndi a nkhukundembo kuseri kwa nyumba kwanu ku Chinamwali, ku Zomba. Ine ndinganene kuti muwapatule.

Nkhuku zimasunga matenda otchedwa blackhead, omwe amafala kudzera m'mazira a nyongolotsi za m'zitosi. Nkhuku zambiri zimayenda nawo bwinobwino, koma nkhukundembo zazing'ono zimafa. Mukaona zitosi zachikasu ndi mapiko ogwa, zinthu zavuta kale. Ine ndinataya zisanu ndi ziwiri chifukwa chozisiya zizifukula pamene nkhuku zanga zinkagona.

Chakudyanso n'chosiyana. Anapiye a nkhukundembo amafuna zomanga thupi pafupifupi 28 peresenti, pomwe chick starter, chakudya chogula cha anapiye a nkhuku, amakhala ndi pafupifupi 20. Madeya okha ayi. Onjezani soya wokazinga, matemba osinja a ku Chilwa, ngakhale chiswe. Komanso tianapiye timeneti n'topusa, titha kufa ndi njala chakudya chili pamphuno. Viikani milomo yawo m'madzi ndi m'chakudya tsiku loyamba.

Kuzizira kwa kuno mu Juni ndi Julaye, mphepo ikamatsika kuphiri, mukukudziwa. Sabata yoyamba pafunika kutentha pafupifupi madigiri 35. Mbaula imathandiza, koma makala ayambe ayaka bwino panja ndipo musatseke mpweya wonse. Anapiye akaunjikana pamodzi, akuzizidwa. Asanyowe ndi mame kapena mvula.

Katemera wa chitopa wa I-2, wodonthezera m'diso uja, muperekeni kwa nkhuku ndi nkhukundembo zomwe. Alangizi a ziweto a kwanuko akuuzani tsiku.