Masiku 10 ku Sri Lanka: musathere onse kunyanja

Achemwali, mwafunsa kuti pa masiku 10 amene muli nawo ku Sri Lanka mukhale m'matauni a m'mphepete mwa nyanja kapena mukwere kumapiri, komanso ngati n'kwanzeru kubwereka galimoto yodziyendetsera. Ine ndinayendako, ndiye ndikuuzeni mmene ndinaonera.

Za galimotozo zisiyeni. N'zoona kuti amayendetsa kumanzere ngati kwathu, koma pamapu chilumbachi chimaoneka chaching'ono pomwe misewu ya kumapiri ndi yokhotakhota moti makilomita 100 akhoza kukudyerani maola anayi. Mabasi akumeneko akamakupitirirani pakona mumangogwira mtima. Kwerani sitima, ndipo pafupipafupi gwiritsani ntchito tuk-tuk, tija ta mateyala atatu. Mtengo mugwirizane musanakwere.

Kunyanja masiku atatu akwana. Mukatsika ndege ku Katunayake, musataye nthawi mu Colombo. Pitani pa siteshoni ya Colombo Fort mukwere sitima ya ku Galle, mukhale kudzanja lamanja, chifukwa pali malo ena njanji imadutsa pafupi ndi madzi moti mafunde amakhala ngati alowa pawindo. Njanji yomweyi ndi imene inaona zoopsa pa 26 December 2004, pamene tsunami, mafunde aakulu oyamba ndi chivomezi cha pansi pa nyanja, inakokolola sitima pa Peraliya n'kupha anthu oposa 1,000. Mu sitima yathu, titafika dera limenelo, bambo wina wachikulire amene tinakhala naye anangoloza panja osanena kanthu.

Galle ndi tauni ya m'linga. Apwitikizi ndiwo anayamba kumanga, Adatchi analanda mu 1640 n'kulikulitsa, ndipo mpaka lero anthu akukhalamo, muli masukulu, mzikiti, matchalitchi ndi makhoti. Dzuwa likapendeka yendani pamwamba pa khomalo mpaka pa nsanja younikira zombo. Masana musayese, kumatentha ngati ku Nsanje mwezi wa October, kuwonjezera chinyontho chomata thupi. Chakum'mawa kuli Weligama ndi Mirissa, kumene maboti amanyamuka m'bandakucha kukaona anangumi. Asodzi okhala pamitengo m'madzi amene mumawaona pa zithunzi aja, ambiri masiku ano amangodikira alendo kuti awalipire powajambula. Sindikuwanena, munthu amadya pamene wapeza, koma mudziwiretu. Ndipo popeza inu ndi ine tinazolowera madzi a ku Mangochi ndi ku Salima, musaiwale kuti iyi ndi nyanja yamchere, imakoka. Sambani pamene eni dera akusamba.

Masiku otsalawo aperekeni kumapiri, ndipo kumeneko ndi kumene ndinasiya mtima wanga. Kuchokera kugombe, pezani galimoto yokukwezani ku Ella, mukagoneko masiku awiri. Pafupi pali mlatho wa Nine Arch, womangidwa ndi miyala ndi njerwa m'nthawi ya Angerezi. Pitani mamawa anthu asanadzaze. Kenako kwerani sitima yolowera ku Kandy. Ulendo wonse ndi wa maola pafupifupi 7, koma muudule pakati potsikira pa Nanu Oya, siteshoni ya ku Nuwara Eliya. Matikiti a mipando yosungitsa amatha msanga, gulirani tu pa intaneti, komanso funsani ngati njanji ili yotsegula, chifukwa mvula ikachuluka dothi limagumukira panjira. Musasirire kalasi yoyamba ya mawindo otseka. Kalasi yachiwiri mawindo amatseguka, mphepo ya m'minda ya tiyi imakuwombani kumaso, ndipo ogulitsa amadutsa ndi vadai, tizitumbuwa ta mphodza tokazinga ndi tsabola, atakulunga m'pepala la kope la mwana wa sukulu. Langa linali ndi masamu ochongedwa ndi cholembera chofiira.

Munthu wa ku Thyolo kapena ku Mulanje akafika apa amayamba kuseka yekha, chifukwa minda yake ndi yomweija, amayi othyola tiyi atabereka matumba kumsana, nkhungu ikutsika ngati chiperoni. Kufananaku sikunangochitika. Kale mapiriwa anali a khofi, mpaka matenda a chiwawu anayamba kuwononga mbewuyo mu 1869. Mzungu wina wa ku Scotland, James Taylor, anali atayamba kale kubzala tiyi pa esiteti ya Loolecondera mu 1867, ndipo alimi ena anamutsatira. Ena mwa azungu amene khofi inawagwetsa anasamuka, ndipo Henry Brown, mmodzi mwa oyamba kubzala tiyi ku Mulanje, anachokera kumeneko. Othyola tiyi ambiri ndi Atamil amene makolo awo anabweretsedwa kuchokera kum'mwera kwa India, ndipo nyumba zawo za mdadada mukaziona mudzakumbukira za m'maesiteti akwathu. Zithunzi za pa Facebook sizionetsa mbali imeneyi.

Nuwara Eliya ili pamtunda wa mamita oposa 1,800, ndipo usiku kumazizira kuposa ku Dedza mu June. Ine ndinapita ndi malaya opyapyala okhaokha poganiza kuti chilumba ndi chilumba, ndinachita kukagula juzi pamsika mano akugundana. Ngati miyendo ili bwino, dzukani 5 koloko mupite ku Horton Plains mukaone phompho la World's End. Mukafika itadutsa 10 koloko mupeza nkhungu yokhayokha.

Ku Kandy tsiku limodzi lakwana. Polowa m'kachisi wosungiramo dzino la Buddha muvule nsapato, mapewa ndi mawondo zikhale zophimbidwa. Chitenje chanu chigwira ntchito apa. Musajambulitse mutafulatira chifaniziro cha Buddha, amakhumudwa nazo kwambiri. Tsiku limene mwezi uli wathunthu amalitcha Poya, ndi holide, ndipo mowa sagulitsa.

Simunanene mwezi umene mukupita. Gombe la kum'mwera limakoma kuyambira December mpaka March. Ngati ndi pakati pa May ndi September, kumeneko kumakhala mvula ndi mafunde aukali, ndiye masiku a kunyanja aja muwasamutsire kum'mawa, ku Trincomalee kapena Arugam Bay. Ndiuzeni mwezi wake kuti tiwerengere limodzi masiku.