Ku Antarctica samanga ndi njerwa: yankho kwa mmisiri wa ku Mchinji

Bambo wina womanga nyumba ku Mchinji watilembera imelo. Akuti anaona pa Facebook nyumba zoima pamiyendo ku Antarctica, chigawo cha ayezi cha kum'mwera kwenikweni kwa dziko lapansi, ndipo akufunsa kuti, "Maziko amakumba pati, nanga simenti imagwira bwanji kozizira chonchija?"

Bambo, simenti iwalani kaye. Madzi amaundana pa madigiri 0, ndipo akaundana mkati mwa konkire yaiwisi amafufuma n'kuiphwanya isanalimbe. Kumalo ambiri kulibenso dothi lokumba. Ku South Pole, chapakati pa Antarctica, pansi ndi ayezi wokhawokha, wozama mamita pafupifupi 2,700.

Koma chomwe chimagwetsa ulesi amisiri kumeneko si kuzizira ayi, ndi chipale chofewa chouluka ndi mphepo. Mukudziwa momwe mchenga umaunjikanira kuseri kwa mpanda m'mwezi wa Ogasiti. Kumeneko zimatero chaka chonse, ndipo muluwo susungunuka. A ku Britain anataya masiteshoni awo anayi oyamba ochitirako kafukufuku, otchedwa Halley, motere: ankakwiririka mpaka kuphwanyika. Nyumba yozungulira ya a ku America ku South Pole, ya mu 1975, nayonso inali kumira pomwe ankaiphwasula mu 2009 ndi 2010.

N'chifukwa chake tsopano amakweza nyumba m'mwamba ngati nkhokwe, kuti mphepo izidutsa pansi n'kumasesa yokha. Siteshoni ya a ku America ya Amundsen-Scott ku South Pole, ya mu 2008, ili pansanamira 36. Ya ku Germany, Neumayer III, ili ndi miyendo 16 yokwezedwa ndi majeke a hayidiroliki. Halley VI ya a ku Britain, yotsegulidwa mu 2013, ndiye yandigometsa ine. Ndi zipinda 8 zolumikizana, ndipo mwendo uliwonse uli ndi chitsulo chotsetsereka kuphazi. Chipale chikakwera amapinda mwendo, buludoza n'kukankhira chipale pansi pake, mwendowo n'kupondanso. Akamaliza yonse amaiwongola ndipo chipinda chimakwera. Ayezi atang'aluka pafupi, anakoka zipindazo ndi mathirakitala mtunda wa makilomita 23, pakati pa 2016 ndi 2017. A ku South Africa anasankha njira ina: SANAE IV anaimanga pathanthwe la Vesleskarvet, komabe pamiyendo.

Nthawi yomangira ndi Novembala mpaka Febuluwale basi, ife tili kalikiliki kupalira chimanga. Choncho zonse zimapangidwiratu kufakitale, kuyesedwa, kulembedwa manambala, kenako kupita pasitima. Kumaloko n'kungolumikiza ndi mabawuti. Bawuti imodzi ikasowa, palibe hadiweya yothamangirako. Zitsulo wamba zimathetheka zikazizira kwambiri, ndiye amasankha zopangidwira kozizira.

Pakhoma m'pomwe ambiri amalakwitsa. Khoma ndi mapanelo okhala ndi chotchinga kuzizira pakati, ndipo mbali yamkati imamatidwa kuti chinyezi chisadutse. Pakatsala kabowo ngakhale ka msomali, nthunzi ya kukhitchini ndi mpweya wa anthu zimalowa m'khomamo n'kuundana. Kukafunda pang'ono, madzi chuchuchu kuchokera kudenga. Bawuti yoboola kuchoka kunja mpaka mkati nayo imakoka kuzizira, mutu wake n'kuyera mbuu m'chipinda chogona.

Moto amauopa kwambiri, poti mpweya ndi wouma ndipo madzi amachita kusungunula. Ku Halley VI anagawa siteshoni pawiri n'kuika mlatho pakati, mbali iliyonse ndi jenereta yake, kuti kwina kukapsa anthu athawire kwinako.

Zotsala za ntchito, kaya ndi zidutswa za mapanelo kaya migolo ya dizilo, sazikwirira. Pangano la ku Madrid la mu 1991, loteteza chilengedwe cha Antarctica, limafuna kuti zichotsedwe, ndiye zimakwera sitima yomweyo pobwerera.