Funsani Achimwene: Drone pa ukwati wa ku Lumbadzi

FUNSO: Achimwene, ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, chaka chatha ndinagula ka drone ndiye geni ikuyendako. Pano ndapeza ukwati ku Lumbadzi kufupi ndi eyapoti, akwati akufuna ndijambule mdipiti wa magalimoto kuchokera m'mwamba koma mnzanga akuti ndikamangidwa. Kanthu kake nkongofanana ndi nkhunda, ndege kangaitani?
Wojambula, Area 25

YANKHO: Mnzanuyo mumugulire fanta, wakuthandizani. Vuto si kukula kwa kanthuko ayi, vuto ndi pomwe mukukaulutsira. Ndege ikamatera imabwera chotsetsereka pang'onopang'ono pa madigiri atatu, ndiye ikakhala makilomita awiri kuti ifike pamsewu wake imakhala mamita pafupifupi 120 okha kuchokera pansi, pomwe 120 yomweyo ndi pamene ma drone ambiri amalekezera kukwera. Mwaona pamene mukumanirane? Iyo ikubwera pa liwiro la makilomita ngati 250 pa ola, payiloti maso ali pa zotera, ka drone kanu sangakaone mpang'ono pomwe. Komanso nkhunda ndi nyama ndi nthenga basi, kanuko kali ndi mamota achitsulo ndi batire la lithium loti likalowa mu injini limaswa zinthu mwinanso kuyaka.

Ngakhale osagunda chilichonse, kungooneka kokha ndege zimaimitsidwa. Pa eyapoti ya Gatwick ku England mu December 2018 anthu atanena kuti aona ma drone, maulendo pafupifupi 1,000 anasokonekera, anthu ngati 140,000 kusowa kolowera Khirisimasi ili pakhomo. Inu mukufuna dzina lanu limveke pa wailesi kuti ndi amene munaimitsa ndege pa eyapoti ya Kamuzu (KIA) chifukwa cha vidiyo ya perekaniperekani?

Pitani kwa a Civil Aviation, oyang'anira za maulendo a ndege, nthawi ikadalipo, osati Lachisanu ukwati uli Loweruka, muwauze malo enieni, tsiku, maola ndi kutalika komwe mukufuna kukwera. Akakana kwerani pa lole ndi kamera, mdipiti umaoneka bwinobwino. Anzathu muli ku Joni, kumeneko lamulo limaletsa kuulutsa drone mkati mwa makilomita 10 kuchokera pa eyapoti. Ndipo ngati ntchitoyi mwaikondadi, Malawi si mlendo pa ma drone, ku Kasungu boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserera mu 2017, ndipo African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata mu 2020.

FUNSO: Tikumanga nyumba yosanja chakufupi ndi eyapoti ya Chileka, abwana akufuna kubweretsa crane. Nayonso ifunika chilolezo poti siuluka?
Kapitawo, Blantyre

YANKHO: Eya akapitawo, siuluka koma imalowa m'njira ya zouluka. Kuzungulira eyapoti iliyonse kuli malire a kutalika kwa zinthu, mukayandikira msewu wa ndege malirewo amatsika. Anthu amayeza nyumba nkuiwala kuti mkono wa crane ukadzuka umaposa denga. Auzeni a eyapoti pomwe idzaime, nsonga yake idzafika pati ndi masiku angati, iwo amatulutsa chidziwitso chotchedwa NOTAM chomwe mapayiloti amawerenga asananyamuke. Pansongapo payake nyali yofiira usiku, ndipo muone kuti magetsi akathima ikhalebe ikuyaka. Ku London mu January 2013 helikopita inawomba crane kuli chifunga, anafa anthu awiri, payiloti ndi bambo wina amene ankangodziyendera pansi.