Kodi yuniyoni ya osewera mafilimu ndi zisudzo imathandiza chiyani?

FUNSO

Ndine mtsikana wa ku Luchenza ndipo ndimasewera zisudzo za pa wailesi ndi mafilimu aafupi. Chaka chatha kampani ina inandijambula pa uthenga wotsatsa malonda. Anandilipira kamodzi, koma uthengawo ukuulutsidwabe mpaka lero, ndipo tsopano uli ndi pa Facebook pomwe. Amalume anga amathyola tiyi, ndipo akuti iwo yuniyoni ndiyo imawalankhulira. Kodi osewera amakhala ndi yuniyoni? Imawachitira chiyani?

Wosewera, Luchenza, Thyolo

YANKHO

Chemwali, amalume anu akunena zoona. Mu 2016 yuniyoni ya ogwira ntchito m'minda, PAWU, inasainirana mgwirizano wa malipiro ndi Tea Association of Malawi, bungwe la eni minda ya tiyi. Yuniyoni ya osewera imagwira ntchito yomweyo: imakambirana ndi olemba ntchito m'malo mwa onse, kuti munthu asamapite yekha kukapempha. Kusiyana kwake n'kwakuti wothyola tiyi akapereka dengu pa sikelo ntchito yatha, pamene nkhope ndi mawu a wosewera zimagwirabe ntchito iye ali kunyumba. Vuto lanu lagona pamenepo.

Yuniyoni yodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi SAG-AFTRA ya ku America. Inapangidwa mu 2012 pamene mabungwe awiri anaphatikizana, limodzi la osewera mafilimu lomwe linayamba mu 1933 ndi lina la a pa wailesi ndi pa kanema. Ili ndi mamembala pafupifupi 160,000. Ku Britain kuli Equity, yomwe inayamba mu 1930.

Choyamba chomwe mabungwewa amachita ndi kuika malipiro oyambira, a tsiku kapena a sabata. Wosewera wotchuka akhoza kupempha zambiri, koma wojambula filimu amene anasainira mgwirizano wa yuniyoni sangalipire munthu zochepera pamenepo. Amaikanso malamulo a nthawi. Pa mgwirizano wa SAG-AFTRA, chakudya chiyenera kuperekedwa pasanathe maola 6 chiyambireni ntchito, ndipo nthawi zambiri wosewera amayenera kupuma maola 12 asanaitanidwenso. Wophwanya izi amalipira chindapusa kwa wosewerayo, ndipo chindapusa cha chakudya chimakwera nthawi ikamapita. N'chifukwa chake malamulowo amatsatidwa: kuwaphwanya kumadula kuposa kuwasunga.

Tsopano pa nkhani yanu yeniyeni. Ku America, ndalama ya tsiku lojambula uthenga wa malonda ndi yapayokha, ndalama yougwiritsa ntchito ndi inanso. Kwa zaka zambiri dongosolo lakhala lakuti kampani yofuna kusunga uthengawo imalipiranso wosewera masabata 13 aliwonse, ndipo pali malire a nthawi, amene kwa nthawi yaitali anali miyezi 21. Ikakwana nthawiyo, akambirane naye mwatsopano kapena ausiye. Chifukwa chake n'chomveka. Ngati nkhope yanu ikutsatsa sopo wina, kampani ya sopo wina singakutengeni, ndiye kuti nthawi yonse imene uthenga ukuulutsidwa mukutaya ntchito zina. Mafilimu ndi masewero a pa kanema nawonso amakhala ndi malipiro obwereza akaonetsedwanso kapena akagulitsidwa kwina.

Zina tingodutsamo: olemba ntchito amasonkha ndalama ku thumba la penshoni ndi la chipatala, opanga mafilimu ang'onoang'ono amauzidwa kusungitsa chikole asanayambe kujambula kuti akathawa osewera asatuluke chimanjamanja, ndipo wothandiza wosewera kupeza ntchito saloledwa kudya zoposa 10 pa 100 iliyonse.

Zokambirana zikakanika, chida chomaliza ndi sitalaka. Mu 2023 mamembala a SAG-AFTRA ananyanyala ntchito masiku 118, kuyambira July mpaka November. Ankalimbana pa malipiro a mafilimu oonetsedwa pa intaneti komanso pa luso la makompyuta la AI, lomwe likhoza kutengera nkhope ndi mawu a munthu. Mgwirizano womwe unatuluka ukuti kampani ipemphe chilolezo ndi kulipira isanagwiritse ntchito chifaniziro chotere.

Koma musaganize kuti yuniyoni imapezera munthu ntchito. Siitero, ndipo si yaulere. Mu 2023 kulowa SAG-AFTRA kunkafuna madola 3,000, kuonjezera ndalama ya chaka ndi chaka. Membala saloledwanso kusewera mu filimu ya wojambula amene sanasainire mgwirizano, ngakhale atasowa bwanji. Lamulo limeneli ndi lowawa, koma ndilo msana wa yuniyoni, chifukwa mmodzi akangovomera zochepa, mtengo wa onse umatsika.

Kuno kwathu, lamulo la Labour Relations Act la 1996 limalola ogwira ntchito kupanga yuniyoni ndi kuilembetsa kuboma. Pamalo a ntchito, ogwira ntchito 20 pa 100 aliwonse akakhala mamembala, bwana ayenera kukambirana nawo. Izi zimathandiza wolembedwa ntchito yokhazikika, monga muulutsi wa pa wailesi. Wosewera wongoitanidwa tsiku limodzi amavutika, chifukwa kampani imanena kuti sanali wantchito wake koma munthu wa ganyu wodziimira payekha. Pali mabungwe monga Film Association of Malawi ndi National Theatre Association of Malawi omwe amasonkhanitsa aluso. Palinso COSOMA, yomwe si yuniyoni, koma imayang'anira zaumwini wa ntchito zaluso pansi pa Copyright Act ya 2016, lamulo lomwe limatchulanso ufulu wa osewera. Pitani ku COSOMA ndi umboni wanu wonse: risiti, mauthenga a pa foni, ndi masiku amene mwaumva uthengawo ukuulutsidwa.

Tikuuzeni mosabisa, ngati panalibe cholembedwa, mlandu wa chaka chathawu ndi wovuta. Komabe lemberani kalata kampaniyo, funsani kuti munagwirizana nthawi yaitali bwanji, ndipo nenani kuti za Facebook simunakambirane, ngati zinalidi choncho. Sungani kope la kalatayo.

Ntchito yotsatira, musaime patsogolo pa kamera popanda pepala losainidwa ndi mbali zonse ziwiri. Lilembe ndalama ya tsiku lojambula ndi tsiku lolipira, miyezi imene adzagwiritse ntchito chojambulacho, kumene chidzaonekere (wailesi, kanema, intaneti, zikwangwani za m'misewu, chilichonse pachokha), ndi ndalama yoonjezera akafuna kupitiriza. Mukaona mawu akuti "mpaka kalekale" kapena "m'njira ina iliyonse", akaneni kapena kwezani mtengo. Zoyendera ndi chakudya zilembedwenso, poti ulendo wa ku Blantyre ndi kubwerera ukhoza kudya gawo lalikulu la malipiro.

Ndipo kambiranani ndi anzanu a magulu a zisudzo a ku Thyolo ndi ku Mulanje. Gwirizanani mtengo umodzi woyambira, lembani pepala limodzi loti aliyense azinyamula akaitanidwa, ndipo sankhani anthu awiri oti azikulankhulirani.